GEORGE PAULING: MUNTHU AMENE ANAYALA NJANJE ZIMENE MAKOLO ATHU ANAKWERA

Kuno ku Mzuzu kuli ana ambiri, ngakhale anyamata ndi atsikana a ku sekondale, amene chibadwire sanaone sitima ya pamtunda ndi maso awo. Galimoto amalidziwa, ndege amaiona ikudutsa m'mitambo, ndipo ena anakwerako sitima ya panyanja pa doko la Nkhata Bay. Koma njanje, chitsulo chija chogona pansi mailosi mazanamazana, amangoiona pa chithunzi cha m'buku. Zimenezi n'zosadabwitsa, pakuti m'chigawo chonse cha Kumpoto simunayalidwepo njanje. Chodabwitsa n'chakuti agogo a ana omwewa anaidziwa bwino sitima. Amuna a ku Mzimba, a ku Nkhata Bay, a ku Rumphi ndi a ku Karonga anali kunyamuka pansi ndi kathumba ka ufa, nayenda masabata ambiri m'thengo kufikira atapeza njanje, ndipo njanjeyo inali kuwatenga kumka nawo ku Halale, ku Bulawayo, ku migodi ya Wankie ndi ya ku Joni. Ena anabwerako ndi njinga ndi makina osokera. Ena anatchona, osaonekanso.

Tsono owerenga athu okondedwa, kodi ndani anayala njanje zimene makolo athuwo anakwera? Lero tifuna kukusimbirani moyo wa munthu mmodzi amene kampani yake inayala zambiri mwa njanjezo. Dzina lake ndiye George Pauling, Mngerezi ndiponso Mkatolika mnzathu. Sitikumuika pa mndandanda wa anthu oyera, iyayi, pakuti zofooka zake mudzazimva pompano. Koma mbiri yake ndi khomo labwino lolowetserapo ana athu kuti adziwe chimene njanje ili, mtengo umene inadya, ndi anthu amene anaulipira.

Ubwana wake ndi ntchito zoyamba

George Pauling anabadwa ku England pa 6 September 1854, m'banja limene ntchito yake inali ya njanje. Atate ake anali injiniya, ndipo mbale wa atate akewo, Henry Pauling, anali injiniya wamkulu pa njanje za Boma la ku Cape. Sitima ya nthunzi inali isanakalambe masiku amenewo: njanje yoyamba yotchuka, ya pakati pa Stockton ndi Darlington, inatsegulidwa m'chaka cha 1825, ndipo pamene George anabadwa n'kuti patangopita zaka 29. Mnyamatayu sanakhalitse pa sukulu. Anayamba ntchito akali wamng'ono pansi pa makontirakitala a kwawo, naphunzira ndi maso ndi manja kukumba, kudzaza zigwa, kuwerengera anthu a ntchito ndi kudziwa mtengo wa chinthu chilichonse.

M'chaka cha 1875 anaoloka nyanja nafika ku Cape, ali ndi zaka za m'ma 20. Nthawi imeneyo miyala ya dayamondi inali itapezeka kumene ku Kimberley, ndipo Boma linali pa liwiro lofuna kulumikiza madoko ndi dziko la m'kati. Ntchito imene inayamba kumveketsa dzina lake inali yoboola phiri pafupi ndi mzinda wa Grahamstown kuti sitima idzipita pansi pake. Pambuyo pake anayala njanje yochokera ku doko la Port Alfred kufika ku Grahamstown, imene inatha m'chaka cha 1884 pamodzi ndi ulalo wake wautali wa pa chigwa cha Blaauwkrantz. Njanjeyo inamangidwa ndithu, koma doko limene inadalira silinakule, ndipo eni ake anagwa nayo. Pamenepo mnyamata uja anaona kuti kuyala chitsulo n'kosakwanira ngati palibe katundu woti chitsulocho chinyamule. Sanataye mtima. M'chaka cha 1885 anafikitsa njanje ku Kimberley kuchokera ku mtsinje wa Orange, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wofuna njanje yofulumira ndi yotsika mtengo anayamba kufunsa za Pauling.

Mphatso yake yaikulu inali m'maso. Anali kuyenda yekha m'dziko limene njanje idzapitamo, pa kavalo kapena pa ngolo, nayang'ana mapiri, madambo ndi mitsinje, ndipo pobwerako anali kunena mtengo wa mailosi iliyonse asanakhale pansi ndi mapepala ambiri. Akalonjeza mtengo ndi tsiku, anali kuyesetsa kusunga zonse ziwiri. Chifukwa cha ichi Cecil Rhodes anamkonda, ndipo banja la osunga ndalama la d'Erlanger linamthandiza ndi chuma cha ntchito zake.

Njanje ya ku Beira

M'chaka cha 1890 kampani ya Rhodes, British South Africa Company, inalowa m'dziko la Mashona ndi kumanga linga pamalo pamene lero pali mzinda wa Harare. Azungu aja anapezeka ali kutali ndi nyanja, ndipo katundu wawo anali kubwera pa ngolo za ng'ombe miyezi yathunthu kuchokera kumwera. Njira yachidule inali ya kum'mawa, yodzera m'dziko la Apwitikizi kufika ku Beira. Koma m'zigwa za kumeneko munali kashembe, ntchentche ija yopha ng'ombe, kotero kuti ngolo sizinathe kupita. Angerezi ndi Apwitikizi atapangana chipangano m'chaka cha 1891, anagwirizana kuti payalidwe njanje, ndipo ntchitoyo inagwera Pauling.

Ntchito inayamba m'chaka cha 1892 pa malo otchedwa Fontesvilla, m'mbali mwa mtsinje wa Pungwe, chifukwa zitsulo zinali kutha kufika pamenepo pa mabwato kuchokera ku Beira. Woyang'anira wa tsiku ndi tsiku anali Alfred Lawley, mnzake wokhulupirika wa Pauling. Pofuna kusunga ndalama anayala kanjanje kakang'ono, kotalikirana mapazi awiri okha pakati pa chitsulo ndi chinzake. Dziko lake linali loopsa kopambana. Nyengo ya dzinja Pungwe anali kusefukira nakokolola zimene anthu anamanga m'chilimwe. Mikango inali kuzungulira misasa usiku. Ndipo koposa zonse kunali malungo. Tikumbuke kuti masiku amenewo anthu anali asanadziwe kuti malungo amadza ndi udzudzu, pakuti Ronald Ross anatulukira chinsinsi chimenechi m'chaka cha 1897. Olemba mbiri amati m'zaka zoyambazo Azungu oposa theka la amene anali pa ntchitoyo anafa, ndipo Amwenye amene anabwera kudzathandiza anatha pafupifupi onse. Anthu akuda, amene anali ochuluka koposa pa khasu ndi fosholo, anafanso ambiri, ndipo manda awo alibe chizindikiro.

Komabe njanje inakwera pang'onopang'ono. Inafika ku Chimoio m'chaka cha 1894, inalumikizidwa ndi Beira mwini m'chaka cha 1896, ndipo mu February 1898 sitima inalowa mu Umtali, umene lero timautcha Mutare. Apa pali nkhani yokondweretsa ana. Mzinda wakale wa Umtali unali kuseri kwa phiri limene sitima sikanatha kukwera. Tsono m'malo mokweza njanje, anasamutsa mzinda wonse kuti ukakomane ndi njanjeyo, ndipo malo akalewo anasanduka misheni ya mpingo wa Methodist. Chifukwa chake n'chakuti gudumu la chitsulo pa njanje ya chitsulo limayenda mopepuka kwambiri pa malo osalala, kotero kuti injini imodzi imakoka katundu amene ngolo mazana sizinganyamule. Koma pa chitunda gudumu lomwelo limaterereka. Ndicho chifukwa chake njanje imakonda zigwa ndipo imazungulira mapiri monga njoka.

Mu May 1899 njanje inafika ku Salisbury, ndipo m'chaka cha 1900 kanjanje kakang'ono ka ku Beira kaja kanakulitsidwa kufika pa muyeso wa mapazi 3 ndi mainchesi 6. Muyeso umenewu ndiwo wa njanje za Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa mpaka lero, ndipo n'chifukwa chake bogi lochokera m'dziko lina limatha kuyenda pa njanje ya dziko linzake.

Mailosi 400 pa masiku 400

Pamene ntchito ya ku Beira inali m'kati, Pauling anali kukankhanso njanje ina kuchokera kumwera. Anaichotsa ku Vryburg naifikitsa ku Mafeking m'chaka cha 1894. Kutsogolo kwake kunali dziko la Atswana, ndipo m'chaka cha 1895 mafumu awo atatu, Khama, Sebele ndi Bathoen, anapita okha ku England kukapempha kuti dziko lawo lisaperekedwe m'manja mwa kampani ya Rhodes. Analola kupereka kamzere ka dziko kopitamo njanje, koma dziko lawo analisunga. Mafumu amenewa anaona patali.

M'chaka cha 1896 kunagwa mliri woopsa wa ng'ombe umene unasesa makola kuyambira kumpoto kufikira ku Cape, ndipo chaka chomwecho Amandebele ndi Mashona anaukira kampani imene inawalanda dziko ndi ziweto. Ngolo zinaima, chakudya chinakwera mtengo ku Bulawayo, ndipo Rhodes anaumiriza Pauling kuti afulumire. Pauling analonjeza kuyala mailosi imodzi pa tsiku. Ntchitoyo anaiika m'manja mwa msuwani wake Harold Pauling, ndipo mailosi 400 omaliza anayalidwa pa masiku 400. Pofuna liwiro, pa mitsinje ina sanadikire maulalo: anangotsitsa njanje m'mchenga wa mtsinje wouma naikweza kutsidya, maulalo n'kumangidwa pambuyo. Sitima yoyamba inafika ku Bulawayo mu October 1897, ndipo chikondwerero chake chinachitika pa 4 November. M'chaka cha 1902 Bulawayo ndi Salisbury analumikizidwa, kotero kuti munthu anatha kukwera sitima ku Cape Town ndi kukatsikira ku Beira.

Kuoloka Zambezi

Rhodes anamwalira mu March 1902, loto lake la njanje yochokera ku Cape kufika ku Cairo lisanakwaniridwe, ndipo silinakwaniridwe mpaka lero. Koma ntchito inapitirira kumpoto, pakuti injini zinali kufuna malasha ndipo malashawo anali ku Wankie. Njanje inafika kumeneko m'chaka cha 1903, ndipo mu April 1904 inafika pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, amene David Livingstone anawatcha Victoria Falls.

Ulalo wa pa mathithiwo sunamangidwe ndi Pauling. Anaulinganiza injiniya George Hobson, ndipo zitsulo zake zinasulidwa ku Darlington ndi kampani ya Cleveland Bridge. Kutalika kwake ndi mamita 198, ndipo uli pamwamba pa madzi mamita 128. Unatsegulidwa pa 12 September 1905. Koma Pauling sanakhale pansi kudikira kuti ulalo uthe. Amisiri anakoka chingwe cholimba cha chitsulo kuchokera tsidya lino kufika tsidya lija la phompho, ndipo pa chingwecho anaolotsa njanje, mitanda yogonekapo njanje, ngakhale kainjini kakang'ono kotchedwa Jack Tar, kataphwasulidwa ziwaloziwalo. Motero pamene ulalo unali kumangidwa, njanje inali itayamba kale kuthamangira ku Kalomo. Kainjini kameneko kanasungidwa m'nyumba ya zakale za njanje ku Bulawayo.

Pa dziko losalala la Atonga a ku Zambia liwiro linakula, ndipo tsiku lina anthu a Lawley anayala mailosi oposa asanu dzuwa lisanalowe. Anamanga ulalo wa pa Kafue, wa zigawo 13, umene masiku amenewo unali wautali kopambana mu Afrika. Pa mtunda uliwonse woyenera anali kusiya kanjanje kapambali kopatukirapo sitima, ndipo kamodzi ka timalo totere, ka m'chaka cha 1905, kanatenga dzina la mfumu ya mudzi wapafupi, Lusaaka. Kamalo kameneko ndiko kanasanduka likulu la dzikolo m'chaka cha 1935, mzinda wa Lusaka umene abale athu ambiri akhalamo. Mu January 1906 njanje inafika ku mgodi wa Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe. M'chaka cha 1909 inafika m'malire a Congo, ndipo m'chaka cha 1910 inalowa mu Elisabethville, ndiye Lubumbashi wa lero. Pa zaka zosakwana 20, dziko limene munthu anali kuyendamo miyezi linasanduka ulendo wa masiku owerengeka.

Mphamvu zake ndi zofooka zake

Pauling anali chimunthu chachikulu, champhamvu zodabwitsa. Anthu anali kusimba kuti anali kunyamula kavalo wake wamng'ono pa mapewa ndi kuzungulira naye m'chipinda kuti aseketse anzake. Anali wowolowa manja, wokonda kuseka, wosaopa kugona m'thengo pamodzi ndi anthu ake, ndipo malungo anamgwira nayenso kambirimbiri. Koma pa kudya ndi kumwa analibe malire. Nkhani yotchuka imati iye ndi anzake awiri anatha mabotolo a mowa 300 pa ulendo wa masiku awiri. Ena amaseka pomva zimenezi. Ife Akristu tidziwa kuti kususuka ndi kuledzera zili pakati pa mizu isanu ndi iwiri ya machimo, ndipo m'misasa ya njanje mowa unathandizana ndi malungo kudzaza manda.

Palinso china cholemera koposa. Njanje zimene Pauling anayala sizinayalidwe chifukwa chokonda eni dziko. Zinayalidwa kuti zitulutse golide, malasha, mtovu ndi mkuwa, ndi kulimbitsa dzanja la kampani imene inalanda minda ya anthu. Pauling mwini anakhalako kwa kanthawi mkulu woyang'anira ntchito za Boma la kampaniyo ku Rhodesia. Minda yabwino ya m'mbali mwa njanje inapatsidwa kwa Azungu, eni ake nakankhidwira kutali. Msonkho unaumiriza amuna kusiya akazi ndi ana kukafuna ndalama. Ndipo njanje yomweyo ndiyo inawanyamula. M'midzi yathu ya Kumpoto munali zaka zimene amayi anali kulima okha, kufolera nyumba okha ndi kulera ana okha, amuna atatengedwa ndi Wenela kapena Mthandizi.

Ndiponso mabuku amati Pauling anayala mailosi akutiakuti, koma mutu umodzi susenza denga. Amene anadula mitengo, nakumba nthaka, nasenza madengu a dothi, nanyamula chitsulo pa mapewa padzuwa lotentha, anali zikwi za anthu akuda amene maina awo sanalembedwe m'buku lililonse la padziko pano. Mulungu yekha ndiye awadziwa mmodzimmodzi, ndipo pamaso pake wosenza dengu sachepa kwa wolemba chipangano.

Zaka zake zomaliza

Atakula, Pauling anakhazikika kwawo ku England, m'mudzi wa Effingham m'chigawo cha Surrey, kampani yake ikupitiriza ntchito m'maiko ambiri. Kumeneko munthu uja wa phokoso ndi madyerero anaonetsa mbali ina ya mtima wake. Akatolika a m'mudzimo analibe nyumba yopemphereramo, ndipo iye anatulutsa chuma chake namangitsa tchalitchi limene linatsegulidwa m'chaka cha 1913 m'dzina la Amayi Maria Achisoni. Apapa anamlemekeza pompatsa udindo waulemu wa m'nyumba yawo. Anamwalira pa 10 February 1919 ali ndi zaka 64, ndipo buku la mbiri ya moyo wake, The Chronicles of a Contractor, linasindikizidwa m'chaka cha 1926.

Za m'kati mwa mtima wake woweruza ndi Mulungu. Ife tingoona kuti munthu amene anaona imfa zambiri chotere m'madambo a Pungwe anasankha kupereka tchalitchi lake kwa Amayi amene anaima pa tsinde la mtanda. Timuike m'mapemphero pamodzi ndi onse amene anagona m'mbali mwa njanje zake.

Njanje ya kwathu kuno

Nanga ife a ku Malawi zimenezi zitikhudza bwanji? Dziko lathu, monga Rhodesia, lilibe doko la pa nyanja ya mchere. Kale katundu anali kukwera ndi sitima za pamadzi mu Zambezi ndi mu Shire, ndipo pofika pa mathithi anali kusenzedwa pamutu ndi amtengatenga kufika ku Kabula. Madzi a Shire atayamba kuchepa, sitima zinali kutitimira mumchenga. M'chaka cha 1895 Eugene Sharrer anayambitsa kampani ya Shire Highlands Railway. Ntchito inayamba m'chaka cha 1903, ndipo m'chaka cha 1908 njanje yochokera ku Port Herald, ndiye Nsanje wa lero, inatsegulidwa kufika ku Blantyre. Kenaka inatalikitsidwa kumwera kufika ku Chindio m'mbali mwa Zambezi. M'chaka cha 1922 kunatha njanje ina ya kutsidya kwa Zambezi, imene inakalumikizana pa Dondo ndi njira ija ya Pauling yopita ku Beira. Zaka 13 zotsatira anthu ndi katundu anali kuoloka Zambezi pa chombo, kufikira m'chaka cha 1935 pamene unatsegulidwa ulalo wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, womangidwa ndi kampani yomwe ija ya Cleveland Bridge. Ngongole ya ntchito zimenezi inasenzetsedwa Boma la Nyasaland, ndiko kunena kuti inasenzetsedwa okhoma msonkho, ndipo inalemera zaka zambiri.

Chaka chomwecho cha 1935 njanje inafika ku Salima, itadzera ku Balaka, pafupi ndi misheni yathu yakale ya Mua, ndi pa doko la Chipoka. Apa ndi pamene njanje inagwirana chanza ndi Kumpoto. Kampani ya Nyasaland Railways inali kuyendetsanso sitima za panyanja, kotero kuti katundu wotsika pa Chipoka anali kukwera nyanja kufika ku Nkhata Bay, nakwera phiri pa malole kufika kuno. Sitima ya Ilala imene, yomangidwa ku Scotland, inabwera ziwaloziwalo kudzera ku Beira ndi pa njanje, niyamba kuyenda panyanja m'chaka cha 1951. Mzinda wa Mzuzu, umene unamera m'zaka za m'ma 1940 pa minda ya mitengo ya tung, unadya mchere ndi kufolera malata zimene zinayamba ulendo wawo pa njira ya Pauling. Choncho ngakhale sitinamve kulira kwa sitima, njanje inatilera ndithu.

Titalandira ufulu, m'chaka cha 1970 kunatsegulidwa njanje yochokera ku Nkaya kudzera ku Liwonde ndi Nayuchi kumka ku doko la Nacala. M'chaka cha 1979 njanje inafika ku Lilongwe ndi thandizo la dziko la Canada, m'chaka cha 1980 inafika ku Mchinji, ndipo m'chaka cha 2010 inalowa mu Chipata. Kumpoto kwathu, kuseri kwa malire, kuli njanje ya TAZARA, ya makilomita 1,860, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la China kuyambira 1970 kufikira 1975. Imachokera ku Dar es Salaam, kudzera ku Mbeya ndi Tunduma, ndi kukathera pa Kapiri Mposhi, pamene imakomana ndi njira ija Pauling anayala popita ku Congo. Motero ife a Kumpoto tili pakati pa njanje ziwiri, ina ku Salima, ina ku Mbeya, koma pakhomo pathu palibe.

Mau kwa makolo, aphunzitsi ndi akatekisti

Tsono abale athu mwa Kristu, tasimba zonsezi chifukwa cha ana. Mwana amene sanaone chinthu sachilakalaka, ndipo chimene sachilakalaka sadzachiphunzira. Ngati anyamata ndi atsikana athu akula osadziwa kuti njanje n'chiyani, tsiku limene dziko lidzafune kuyala ina, adzabwerenso alendo ndi mapepala awo, ana athu n'kutsalanso pa dengu ndi fosholo monga agogo awo. M'mera mpoyamba.

Ntchito yake si yofuna ndalama zambiri. Inu akatekisti, mutatha kuphunzitsa katekisimu, jambulani pansi ndi kamtengo mapu a Beira, Harare, Bulawayo, Lusaka, Nsanje ndi Salima, ndipo ana alumikize okha ndi mizere. Aonetseni ketulo yowira, aone mmene nthunzi imatukulira chivundikiro. Muwauze kuti injini zakale zinali kuyenda motero, moto wa malasha kapena nkhuni ukuwiritsa madzi, nthunzi yosowa potulukira ikukankha chitsulo, chitsulocho chikukankha mikono yotembenuza magudumu, ndi kuti injini za masiku ano pa njanje yathu zimayendera mafuta a dizilo. Anyamata aja odziwa kuumba magalimoto a mawaya auzeni ayese kuumba injini ndi mabogi ake. Kwa okulirapo perekani funso ili: Mzuzu ali pamwamba pa nyanja yathu mamita oposa 700, chonsecho Nkhata Bay ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 okha, kodi njanje ingadzere pati kuti magudumu asaterereke? Mwana amene funso limeneli lidzamsowetse tulo, ameneyo msungeni bwino ndipo mumlimbikitse pa masamu.

Inu makolo, mukapita ndi mwana ku Salima, ku Balaka kapena ku Limbe, musadutse pa njanje muli chete. Imani naye patali poyenera, aone zitsulo ndi mitanda yake, ndipo mumphunzitse kuti pa njanje saseweretsapo moyo ndiponso kuti kuba chitsulo chake ndi tchimo loika anthu ambiri pa ngozi. Ku Blantyre pitani naye ku nyumba ya zakale ya ku Chichiri akaone injini ya nthunzi. Koposa zonse, m'midzi yathu mukali nkhalamba zingapo zimene zinakwera sitima za ku Halale ndi ku Joni. Tumani ana akakhale pa mapazi awo ndi kope ndi pensulo, alembe kumene agogowo anakwerera, masiku amene anakhala m'njira, chimene anadya, ndi maina a anzawo amene sanabwerere. Nkhalambazo zikapita, mbiriyo idzapita nazo. Ndipo m'mwezi wa November, pamene Eklezia akumbukira mizimu ya akufa, mainawo aperekedwe kwa Bambo Mfumu kuti atchulidwe pa Nsembe ya Misa.

Ambuye Yesu anatiphunzitsa m'fanizo la matalente kuti aliyense adzafunsidwa za chimene analandira. George Pauling analandira maso akuthwa, thupi lolimba ndi mtima wosabwerera m'mbuyo, ndipo sanazikwirire pansi, ngakhale zina anazigwiritsa ntchito potumikira zolinga zosalungama. Ana athu nawonso analandira nzeru zosachepa pa zake. Tiwathandize kuzikulitsa, ndipo tiwaphunzitsenso chimene misasa ya njanje zakale inasowa, ndicho kulemekeza moyo wa wantchito aliyense ndi kumlipira molungama. Yosefe Woyera, mmisiri wa ku Nazareti ndi nkhoswe ya antchito onse, awapempherere ana athu, ndipo mizimu ya onse amene anafera pa ntchito ya njanje iuse mu mtendere.